Chinyumba chonyansa cha ku Barbican chandigwira mtima

Alamu anga akhala akundinyengerera kwa miyezi kuti tsiku lina tidzapite ku Barbican, malo a zaluso ndi nyimbo a ku London, ine nkumangoti tiona alamu, tiona, mpaka anatopa nane nkungogula matiketi awiri osandifunsanso, kenako kauthenga pa WhatsApp ka mawu atatu basi: "Lamulungu. Musachedwe alamu." Munthu wakugulira kale tiketi umukana bwanji.

Chilungamo chake sikuti ndimatanganidwa ayi. Mumtimamu ndinkangoona ngati malo oterewa ali ndi eni ake, anthu aja amayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, nkukaima kutsogolo kwa chithunzi cha mizeremizere mphindi khumi akugwedeza mutu ngati chikuwauza nkhani. Ndinkaopa kukaoneka mbuli. Komanso nyimbo za orchestra, chigulu chija cha oimba ndi mavayolini, malipenga ndi ng'oma, ine ndinkazimvera m'mafilimu mokha, pamene munthu akutsirizika kapena akuthamangira ndege, sindinaganizepo kuti ndingakhale pampando maola awiri kumvera zomwezo popanda choonera.

Konsati inali ya 7 koloko madzulo koma tinapangana kukumana masana kuti tione kaye zina. Ndinatsikira pa siteshoni ya Barbican penipeni, ndiye m'malo motsata anthu omwe amalowera mumsewu wa Beech Street, uja wofoleredwa pamwamba ngati phanga, ine ndi nzeru zanga ndinakwera masitepe ndikuti pamwamba ndiye ndizikaona bwino komwe ndikupita. Apa ndi pomwe zinathina. Pamwambapo pali tinjira ta anthu oyenda pansi okhaokha, timilatho, makonde ataliatali, kona iliyonse yofanana ndi inzake, ndipo mapu a pafoni sakuthandiza chifukwa kadontho kabuluu kaja kamakuuza kuti wafika pomwe iwe uli m'mwamba chitseko chili pansi kwinakwake. Benchi imodzi ndinaidutsa katatu. Panali agogo ena akuwerenga nyuzi, ulendo wachitatu anatsitsa nyuzi ija nkundiyang'ana, ine nkuyang'ana kumbali ngati ndikudziwa chomwe ndikuchita. Paja amati safunsa anadya phula, ine tsiku limenelo ndinadya lambiri kkkk.

Foni inalira.

"Alamu muli pati?"

"Ndili pa Barbican pompano."

"Yonseyotu ndi Barbican. Mukuona chani?"

"Konkire."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Tayang'anani pansi pomwe mwapondapo. Mzere wachikasu mukuuona?"

Unalipo ndithu, ndimauponda nthawi yonse ija. Anaupenta dala kuti uzilondolera alendo, kungoutsata umakakusiya pakhomo. Mphindi zisanu sizinakwane ndinali nditafika.

Titakumana funso langa loyamba linali loti koma anthu anamanga zimenezi ankaganiza chani. Alamu anga nkhani za nyumba zakale ndiye kwawo, anangoti khalani pansi. Dera lonseli, lomwe amalitcha Cripplegate, linapsa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makamaka usiku wa pa 29 December 1940, moti pofika 1951 m'dera lonselo munatsala anthu 48 okha. Pakati pa London, anthu 48! Ndiye akuluakulu a City of London Corporation, khonsolo ya dera lapakati pa mzindawu, omwe mpaka pano ndi eni ake a malowa, anafuna kuti anthu abwerere kudzakhalamo, osati maofesi okhaokha. Ntchito yojambula pulani anapatsa anthu atatu, Chamberlin, Powell ndi Bon, ndipo maganizo awo anali oti magalimoto aziyenda pansi anthu aziyenda pamwamba asamakumane, ndiye tinjira tija tinandizunguza mutu ndi timeneti. Nyumba zogonamo anamanga pakati pa 1965 ndi 1976, mafulati pafupifupi 2,000, kuphatikiza nsanja zitatu zazitali kupitirira mamita 120, Cromwell, Shakespeare ndi Lauderdale. Malo a zalusowo ndiye anamalizira, Mfumukazi Elizabeth II anadzatsegulira pa 3 March 1982, Chamberlin atamwalira kale mu 1978. Bambo uja sanaone chimene anajambula chitatha.

Dzina loti barbican ati limatanthauza kansanja kolondera pachipata cha mpanda, ndipo zoona zidutswa za mpanda wakale wa mzindawu, womwe anauyamba ndi Aroma, zikadalipo pakati pa mafulatiwo. Tchalitchi chakale cha St Giles, momwe Oliver Cromwell anamangira ukwati mu 1620, nachonso chinapsa mkati ndi mabomba aja koma anachikonzanso, chili phee pakatikati konkire atachizungulira mbali zonse.

Kunena za maonekedwe, sindikunamizani, koyamba kuiona ndi yonyansa. Yotuwa, yolemera, ngati ndende ya anthu olemera. Mamangidwe amenewa amati brutalism, kuchokera ku mawu a Chifalansa oti béton brut, kutanthauza konkire wosapaka kanthu, wosiyidwa momwemo. Mu 2003 pa kafukufuku wina anthu anaivotera kuti ndi nyumba yonyansitsitsa mu London yense, chonsecho zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2001, boma linali litaiika kale pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa zosaloledwa kugwetsa kapena kusintha mwachisawawa. Chikomekome cha mkuyu timachidziwa tonse, apa ndiye zinatembenuka, nyerere zili kunja.

Koma chomwe chinandisintha maganizo ndi chipupa. Alamu anati tagwirani apa. Ndinagwira, chokhakhala, tizibowo ndi timiyala tothothoka paliponse, ine nkuti mwina ndi kukalamba. Ayi. Ati konkire uja akathira ankamusiya aume kaye, kenako amuna ankabwera ndi nyundo zamakina zogwira pamanja zija zimanjenjemera, nkumagogoda chipupa pang'onopang'ono mpaka timiyala tamkati tionekere. Chipupa chilichonse, mzati uliwonse, kuyambira pansi mpaka kumwamba kwa nsanja zija. Amene munagwirapo makina onjenjemera mukudziwa momwe zala zimachitira dzanzi, tsono munthu tsiku ndi tsiku kwa zaka. Pa ntchito yomanga malowa m'ma 1960 anthu ananyanyalapo ntchito kwa miyezi yambirimbiri. Ndinabwerera m'mbuyo nkuyang'ananso chinyumba chija mpaka khosi kuwawa, chinthu chomwe ndimati chinangotuluka mufakitale, kani paliponse pomwe diso likugwera panadutsa dzanja la munthu yemwe dzina lake silinalembedwe pakhomo.

Tinatulukira kumbuyo komwe kuli kanyanja kokumba ndi akasupe. Anthu ali mbwee, ena ndi ana, ena agona chagada pa njerwa kuotha kadzuwa kochepa komwe kanalipo, tsidya linalo mafulati ali ndi maluwa akulendewera m'makonde. Anthu amakhala momwemo zenizeni, munthu akutsuka mbale pawindo uku pansi pake orchestra ikuyeserera. Mkati namo chimodzimodzi. Ine ndimayembekezera kuti pakhomo wina andifunsa kuti mwadzatani, palibe ngakhale anandiyang'ana. Ena ali pa laputopu, ena akhala pansi pa kapeti nsana kukhoma, ana asukulu ya nyimbo ya Guildhall yomwe yagundana ndi malowa akudutsa atabereka zikesi zazikulu kuposa iwo eni. Muli laibulale ya aliyense, tinaipeza yotseka poti linali Lamulungu, koma ati muli mapiyano omwe munthu umatha kukaimba utavala mahedifoni osasokoneza anzako. Mulinso malo oonetsera kanema ndi holo ya zisudzo. Za holo ya zisudzoyo alamu anandiuza chinthu chinandiseketsa, ati mzere uliwonse wa mipando uli ndi chitseko chakechake kumapeto, ndipo sewero likamayamba zitseko zonse zimatsekeka zokha nthawi imodzi. Chimenecho ndikufuna ndidzachione ndi maso angawa.

Tinayambira ku The Curve, gallery yaulere, kutanthauza malo oonetsera zaluso, kachipinda kataliitali kokhota ngati chikwakwa, mamita 90, kamene kanazungulira kumbuyo kwa holo ya nyimbo. Chifukwa chokhota suona komwe kakuthera, umangoyenda zinthu zikutulukira chimodzichimodzi. Muno ndi momwe mu 2012 anaikamo Rain Room, mvula yeniyeni ikugwa m'nyumba koma iwe ukalowamo imasiya pomwe waimapo pokha, makamera akukutsata, anthu ankaima pamzere maola ndi maola kuti angolowamo. Mu 2010 mkulu wina wa ku France, Céleste Boursier-Mougenot, anaikamo timbalame tamoyo ndi magitala amagetsi olumikiza ku masipika, timbalame tikatera pa nsambo nyimbo nkumveka. Zonsezi ine zinandiphonya, ndimangomva ngati nthano. Zomwe tinapeza ife zinali zamdima, nsalu zikuluzikulu zolendewera ndi phokoso lapansipansi lomwe umalimva m'mimba osati m'makutu. Sindinamvetse, ndipo kapepala kofotokozera kapakhoma kanandisokoneza kuposa chinthu chenichenicho, chizungu chake chija chofuna dikishonale. Ndinatuluka nkuuza alamu kuti apa ndagwa mayeso. Iwo anati nawonso sanamve kanthu. Eee, mtima unakhala pansi.

Gallery yaikulu ili pa nsanjika yachitatu, iyo ndi yolipira, ndipo ili ndi zipinda zapansi ndi zam'mwamba moti ukakhala m'mwamba umaona mitu ya anthu ali pansi. Poyamba ndinkachita zomwe ambiri timachita, kujambula chithunzi ndi foni, kujambula kapepala kake, nkupita kutsogolo, ngati ndatumidwa kudzawerenga katundu. Zipinda zitatu ndinamaliza mphindi khumi. Alamu anandikoka jekete nkuti, "Alamu bwezani foniyo m'thumba, sankhani chimodzi chokha, mukhale nacho mpaka ndibwere." Ndiye anapita.

Ndinasankha chithunzi cha mayi atakhala pampando, popanda chifukwa chenicheni, kungoti kutsogolo kwake kunali benchi. Mphindi ziwiri zoyambirira ndimangoganiza za mapazi anga. Kenako ndinayamba kuona kuti nkhope ija yomwe patali imaoneka yofiirira ili ndi utoto wobiriwira pansi pa chibwano, ndi wabuluu m'mbali mwa mphuno, ndipo ukasendera pafupi nkhope imatha, pamatsala timizere ta bulashi, pena pokhuthala ngati anachita kumata ndi mpeni pena popyapyala mpaka nsalu yapansi kuonekera. Pa dzanja lamanzere zimaoneka kuti anajambula kaye penapake nkufufuta nkulisuntha, chithunzithunzi cha dzanja loyamba chikadalipo pansi pa utoto. Munthu analakwitsa, anakonza, nkusiya chizindikiro. Pa foni zimenezi sizioneka ngakhale ukulitse bwanji. Ndinasendera kwambiri mpaka mtsikana woyang'anira chipindacho anandiuza mwaulemu kuti ndibwerere kuseri kwa kamzere kapansi, ndinapepesa, iye nkuseka nkuti aliyense amatero pa chithunzi chimenecho. Kuona maso a nkhono nkudekha, achikulire sanalakwe. Alamu pobwera anandipeza manja ali kumbuyo ndikugwedeza mutu. Sanayankhule, anangondijambula, ndipo chithunzi chimenecho chikadzatuluka pa gulu la banja tidzadana.

Ku Conservatory tinangodutsako mwachangu poti nthawi inali itatha. Ndi munda wa m'nyumba yagalasi pamwamba penipeni pa chinyumbachi, wachiwiri kukula mu London, mitundu ya zomera pafupifupi 1,500, timaiwe ta nsomba, mpweya wofunda wachinyontho moti magalasi anga anachita nkhungu. Kulowa ndi ulere koma amatsegula masiku osankhika ndipo umayenera kubukitsa pa intaneti. Chosangalatsa nchoti anaumanga pofuna kubisa chinsanja chomwe chili pamwamba pa siteji ya zisudzo, momwe amakokeramo makatani ndi zokongoletsa za sewero, ndiye mitengo ndi zoyanga zakwera kuzungulira konkire yense uja.

Tsopano konsati.

Holoyo imalowa anthu 1,943, ndipo ndi kwawo kwa London Symphony Orchestra kuyambira pomwe malowa anatsegulidwa mu 1982, ngakhale gululo linayamba kale mu 1904. Mkati ndi matabwa okhaokha, mipando yotakasuka bwino. Tinakhala m'mwamba chakumbali, komwe alamu anati ndi kwabwino kwa munthu woyamba chifukwa umaona manja a oimba. Ndinayesa kuwawerenga ndinasokonezeka cha m'ma 80. Aliyense amangoliza zakezake, phokoso ngati pa depoti, kenaka analowa wa vayolini wamkulu, kunati zii, wa oboe, chitoliro chamtengo, analiza kamawu kamodzi kokha katalikatali ndipo onse anayamba kutchuna zida zawo kutsata kamawu kameneko. Ine thupi linachita tsembwe pomwepo nyimbo isanayambe nkomwe. Kenako anatulukira wotsogolera, yemwe amamutcha kondakitala ngakhale sadula tiketi ya munthu, anakweza kandodo, ndipo ndinamva anthu 80 akukoka mpweya nthawi imodzi.

Palibe sipika yokweza mawu. Chilichonse chomwe chimafika m'khutu mwanga kumwamba kuja chimachokera pa thabwa, nsambo, chikopa, mkuwa ndi mapapo a munthu. Pena amatsitsa mpaka umamva mpando wa munthu wa mzere wachitatu ukulira, pena amakweza mpaka pansi kunjenjemera kumapazi. Koma ine maso anga anali pa tinthu ting'onoting'ono. A vayolini amakhala awiriawiri pa pepala limodzi la nyimbo, ndiye likatha tsamba mmodzi amasiya kuimba kamphindi nkutembenuza msangamsanga mnzake akupitiriza. A malipenga opindikapindika aja akapeza mpata amatembenuza lipenga nkukhuthula madzi pansi, pamaso pa anthu onse ovala bwino, opanda manyazi. Wa ng'oma zikuluzikulu kumbuyo amawerama nkuika khutu pachikopa kumvetsera ngati ili bwino uku anzake akuimba, nkuikonza mwakachetechete. Ndipo panali bambo wina wa zimbale zamkuwa yemwe anakhala manja ali pamiyendo mwina mphindi makumi awiri osachita kanthu, milomo yokha ikuyenda kuwerenga, kenako anaimirira, anazinyamula, anadikira, nkumenya kamodzi. Kamodzi kokha! Nkukhalanso pansi. Ndinaganiza kuti bambo ameneyu wakwera sitima kuchoka kwawo, wavala suti, chifukwa cha kamodzi kameneka, ndipo akanachedwa ndi kamphindi kochepa holo yonse ikanadziwa.

Manyazi aja ndinkawaopa anandipeza ndithu. Chigawo choyamba cha nyimbo chinatha ndi mphamvu, kunati zii, ine ndi mtima wonse phwa phwa, kawiri, ndekha mu holo ya anthu pafupifupi zikwi ziwiri. Alamu anandigwira mkono. Kani nyimbo zimenezi zimakhala ndi zigawo zitatu kapena zinayi ndipo anthu amadikira zithe zonse ndiye aombe m'manja, pakatipo amangotsokomola, ndipo amatsokomoladi, ngati amachita kusungira. Ndinafuna pansi patseguke. Pa nthawi yopuma mayi wina wachikulire yemwe anakhala kumanzere kwanga anandiuza kuti ndisadandaule, zaka 200 zapitazo anthu ankaomba m'manja pakati pa zigawo ngakhale nyimbo ili mkati, zokhala chetezi zinabwera pambuyo. Kaya amangonditonthoza, koma alamu anavomereza kuti ndi zoona. Ineyo maganizo anga ndi oti lamulo limeneli ndi lomwe limathamangitsa anthu ngati ine, munthu wasangalala mukumuyang'ana ngati waba. Komabe chigawo chachitatu, chapang'onopang'ono chija, chitatha ndinamvetsa mbali inayo, chifukwa bata lomwe linatsala linali lokoma moti wina akanaomba m'manja pamenepo ndikanamuyang'ana moipa inenso.

Nyimbo yomaliza sindingaifotokoze bwino. Ndikungokumbuka kuti chakumapeto mauta onse a vayolini amakwera ndi kutsika limodzi ngati udzu pamphepo, mtsikana wina wa cello, chivayolini chachikulu choimika pansi, tsitsi litamasuka likumugwera kumaso alibe dzanja loti alichotsere, kondakitala malaya atanyowa kumsana, ndipo ine ndinazindikira kuti ndagwira chogwirira cha mpando mwamphamvu ngati ndili mugalimoto yothamanga. Itatha ndinadikira kaye ena ayambe. Kenako ndinaomba mpaka manja kutentha, kondakitala anatuluka nkubwerera kangapo, nkumaimiritsa oimba gulu ndi gulu, ndipo atafika pa bambo wa zimbale uja ndinakuwa.

Potuluka kunali kutada, kukuzizira, magetsi a m'mafulati akuonekera m'madzi a kanyanja kaja. Pa Silk Street tinaona ena mwa oimba aja akutuluka, asintha kale avala majini ndi majekete wamba, zikesi kumsana, mmodzi akupinda ndi kutambasula zala zake uku akuyankhula pafoni, kuthamangira sitima ngati wina aliyense woweruka kuntchito. Ndinaima pa mzati umodzi nkuyendetsanso chikhatho pa konkire uja, mwamphamvu pang'ono, mpaka anandikanda pachala.

"Alamu, chipupacho mudzachipeza, sitima ikutisiya."

Ndinawauza kuti tidzere pamwamba, njira ndikuidziwa tsopano. Anandiyang'ana, nkuloza pansi pa mzere wachikasu, ndipo tinautsata.